Foni ikuti "Not secure", kodi yalowa vairasi?

Achemwali ena a ku Area 25 anandilembera imelo sabata yatha. Akuti amafuna kutenga fomu ya sukulu ya mwana wawo pa webusayiti koma Chrome ikuwalembera "Not secure" pamwamba paja, ndiye tsiku lina webusayiti ina inangokaniratu kutseguka, sikirini yonse ili "Your connection is not private". Mnyamata wina wokonza mafoni mtauni anawauza kuti foni yalowa vairasi, abwere ndi ndalama aiflashe. Akufunsa kuti apereke kapena ayi.

Musapereke achemwali, ndalamayo mugulire bandulo. Mauthenga awiriwa ndi osiyana ndipo palibe ngakhale umodzi umene ukunena za vairasi.

Tiyambe ndi "Not secure". Adiresi ya webusayiti imayamba ndi http kapena https, ndiye ka s kameneko ndi komwe kali ndi nkhani. Zili ngati mwapatsira kondakitala wa minibasi kalata ya amayi ku Dedza koma osaiika mu envelopu, aliyense amene yadutsa m'manja mwake atha kuiwerenga, wina wamwano atha kuwonjezerapo mawu akeake amayi n'kumaona ngati mwalemba ndinu. Imeneyo ndi http. Pa https zomwe mukulemba zimasokonezedwa zisanachoke mufoni, mwini wake wa wifi kapena aliyense wapanjira amangoona zilembo zopanda mutu. Chrome inayamba kulemba "Not secure" mu 2017 pa masamba a http ofunsa pasiwedi, kenako kuyambira July 2018 inayamba kulemba pa tsamba lililonse la http. Ndiye vuto lili kwa eni webusayitiyo osati foni yanu ayi. Ngati mukungowerenga kapena kutenga fomu ija, tengani. Koma pasiwedi, nambala ya chitupa cha unzika, za kubanki, musalembepo.

Uthenga wachiwiri uja ndiye wofuna kudekha nawo. Webusayiti ya https imakhala ndi satifiketi, tingoti chitupa chake, ndipo foni imachiyang'ana kaye isanakutsegulireni. Ikaona kuti chatha nthawi kapena dzina silikugwirizana ndi adiresi, imatseka chitseko. Musanapite patali onani kaye deti ya foni yanu. Ine ndinasowapo tulo ndi laputopu yanga yakale, magetsi atathima batire n'kutheratu, poyatsa inabwerera chaka cha m'mbuyo kwambiri ndiye webusayiti iliyonse imangokana, ndinatukwana netiweki usiku onse osadziwa kuti vuto ndi wotchi basi. Mukaona mawu oti ERR_CERT_DATE_INVALID pansi pake, yambirani pamenepo. Deti ikakhala bwinobwino ndiye kuti eni ake anaiwala kukonzanso satifiketi, zimachitika kwambiri, poti zaulere zija za bungwe la Let's Encrypt sizipitirira masiku 90, munthu wa IT akachoka ntchito palibenso amene amakumbukira.

Palinso mafoni akale awa timagula akaunjika. Android 7.0 kutsika m'munsi sadziwa satifiketi za Let's Encrypt, ndiye mawebusayiti abwinobwino amaoneka ngati achinyengo. Kale kuika Firefox kunkathandiza poti iyo imayenda ndi mndandanda wakewake wa satifiketi, koma Firefox yatsopano silowanso pa mafoni akale chonchi. Wifi ya pa loji kapena pa kefi imabweretsanso uthenga womwewu mukakhala simunalowe pa tsamba lawo lija lofunsa kodi.

Pansi pa uthengawo pamakhala "Advanced", mukadina imakupatsani mwayi wopitirira. Ine ndimadina pokhapokha ndikungofuna kuwerenga chinthu ndipo webusayitiyo ndikuidziwa. Ikakhala ya banki kapena imelo, bwererani. Mawebusayiti ena ngati Facebook ndi Gmail batani lopitirira silioneka n'komwe, anachita dala, musavutike kulisaka.

Koma chimene chimandiopsa ine si machenjezowa, ndi anthu amene amati akaona https mtima pansi. Akuba nawonso amatenga satifiketi yaulere yomweyo. Maulalo aja amazungulira pa WhatsApp oti mwawina bandulo kapena pali ntchito ku bungwe lakutilakuti, ambiri ndi a https ndithu, foni sidandaula kanthu, kalata yanu imafika yomata bwino koma kwa wakuba. N'chifukwa chake Chrome inachotsa kaloko kaja kankaoneka pambali pa adiresi ya https mu 2023, anthu amakatenga ngati umboni woti webusayiti ndi yokhulupirika. Werengani adiresi chilembo ndi chilembo, ndipo PIN ya Mpamba kapena Airtel Money musailembe pa webusayiti yomwe mwaipeza pa gulupu.

Za sukulu ija, mukapita kukasiya fomu muwauze a mu ofesi kuti webusayiti yawo ikufunika https, amene anawapangira akudziwa, ndi ntchito yosafika tsiku ndipo satifiketiyo salipira.