Za chimwala cha m'mlengalenga chotchedwa Kalpanachawla

Mwafunsa ngati n'zoona kuti kuli nyenyezi imene inapatsidwa dzina la Kalpana Chawla, mayi amene anali katswiri wa maulendo a m'mlengalenga, komanso ngati munthu angathe kuiona usiku ataima pabwalo. Dzinalo lilipodi, koma chimene chinapatsidwa dzinalo si nyenyezi ayi. Ndi chimwala cha mtundu umene akatswiri amautcha asteroid, chimodzi mwa zimiyala zosawerengeka zimene zimazungulira dzuwa pakati pa mapulaneti a Mars ndi Jupiter, ndipo m'mabuku chinalembedwa kuti 51826 Kalpanachawla.

Chimene ine chimandikhudza n'chakuti chimwalachi chinapezeka mayiwa akadali moyo, mu Julayi 2001, ku malo oonera zakuthambo a Palomar Observatory ku California, m'dziko la America, ndipo pa nthawiyo chinali chopanda dzina. Mayi Chawla, amene anabadwira ku Karnal m'dziko la India mu 1962, anamwalira pa 1 Febuluwale 2003 limodzi ndi anzawo 6, pamene chombo cha m'mlengalenga cha Columbia, chimene anakwera, chinasweka pobwerera padziko chikudutsa pamwamba pa Texas, kutangotsala mphindi pafupifupi 16 kuti chitere. Ngoziyo inayambira pa tsiku lonyamuka, pa 16 Januwale, pamene chidutswa cha chokutira thanki ya mafuta chinagumuka n'kumenya phiko lakumanzere. Pobwerera, mpweya wotentha kwambiri unalowera pobowokapo n'kuwononga phikolo kuchokera mkati.

Mu Ogasiti chaka chomwecho kunalengezedwa kuti zimiyala 7 za manambala otsatizana zapatsidwa mayina a anthu onsewo, kuyambira 51823 Rickhusband, amene anali mtsogoleri wa ulendowo, mpaka 51829 Williemccool. Pakati pake pali Ilanramon, dzina la munthu woyamba wa ku Israel kupita m'mlengalenga. Mayina otere sagulidwa, ngakhale pa intaneti pali ena otsatsa malonda a mayina a nyenyezi, amene mapepala awo akatswiri sawawerengera n'komwe. Amene anapeza chimwalacho ndiwo amapereka dzina chikalandira nambala yake, kenako bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union limavomereza.

Kunena zochiona ndi maso, ayi, sizingatheke. Chimwalachi n'chachikulu makilomita ochepa chabe, sichiwala pachokha koma chimangobweza kuwala kwa dzuwa, ndiponso chili kutali moti chimatenga zaka zoposa 5 kuti chizungulire dzuwa kamodzi. Ngakhale pa chithunzi chojambulidwa ndi telesikopu yamphamvu chimangooneka ngati kadontho kakang'ono, ndipo chimadziwika pokhapokha mutayerekeza zithunzi zojambulidwa nthawi zosiyana n'kuona kuti kadonthoko kasuntha pamene nyenyezi zozungulira zili pomwepo.