Yankho kwa achemwali pa za utsi wa m'basi ya mwana

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu wandipeza ndili pa chiwongolero. Ndamva zonse. Mukuti mwana akumabwera kuchokera kusukulu yunifolomu ikununkha dizilo, usiku akumatsokomola mpaka m'chifuwa kulira, ndiye mukufunsa ngati ndi basi ija komanso kuti kuno ku America timatani. Ndiyankha ndi mawu, kulemba kunditayitsa nthawi.

Choyamba, mwanayo mupite naye kuchipatala akamumvere m'chifuwa. Kulira kwa m'chifuwa usiku kumeneko nthawi zambiri ndi mphumu, ndipo mankhwala opopera mkamwa aja amathandiza. Ine si dokotala, ndine dalaivala chabe. Koma za utsizo ndiye ndikuuzani, poti ndi ntchito yanga.

Utsi wa dizilo uli ndi mwaye wosalala kwambiri, timadontho tosaoneka ndi maso, amatitchula kuti PM2.5. Fumbi la mumsewu lija mphuno imagwirako, koma timeneti timadutsa mpaka pansi pa mapapo, tina kulowa m'magazi. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ndiye mwana amapuma mofulumira kuposa inu ndi ine, mapapo ake akukulabe, komanso ndi wamfupi. Taganizani, paipi ya ekizozi ya Coaster ili pati? Mwana wa sitandade 2 akaima kumbuyo kwake, utsi uja ukumupeza pafupi ndi nkhope. Ku London kuli mtsikana wa zaka 9 amene anamwalira ndi mphumu mu 2013, ankakhala pafupi ndi msewu wodzaza magalimoto, ndipo mu 2020 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa yake. Sindikukuopsezani ayi, ndikungoti kudandaula kwanuko kuli ndi mutu.

Kuno mabasi achikasu a ana asukulu aja alipo pafupifupi 480,000, ndipo ambiri mpaka lero ndi a dizilo. Musamaone pa TV n'kumati zonse ndi zamagetsi. Boma linaika madola 5 biliyoni mu lamulo la 2021 kuti masukulu agule mabasi atsopano kudzera ku EPA, bungwe loona za chilengedwe, koma basi imodzi yamagetsi mtengo wake ndi ngati mabasi atatu a dizilo. Ndiye zikuyenda pang'onopang'ono. Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi chakale: mu 2006 anachepetsa salufa mu dizilo, ndipo kuyambira 2007 injini zatsopano zinayamba kubwera ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi. Basi imene ndimayendetsa ine ili nayo. Mutapisa chala mu paipi, chimatuluka choyera.

Koma achemwali, mverani apa, chifukwa apa ndi pamene inu mungachitepo kanthu mawa lomwe popanda kulipira kanthu. Si basi ikamathamanga pokha pamene mwana amapuma utsi. Amaupumanso pageti, basi itaima, injini ikungolira, ana ali pamzere kumbuyo kwake, chitseko chili chotsegula. Mphindi khumi, khumi ndi zisanu, tsiku lililonse, m'mawa ndi masana. Utsi uja umalowa m'basimo, kenaka atseka chitseko, ana ayenda nawo ulendo wonse. Ku California lamulo limati dalaivala akangofika pasukulu azimitse injini, ndipo asailize mpaka patatsala masekondi 30 kuti anyamuke. Mumzinda wa New York, pafupi ndi sukulu, malire ndi mphindi imodzi. Ife kuntchito amatiuza zomwezo, ngakhale kuti nthawi yozizira anzanga ena amaphwanya lamulolo, amati ana asazizidwe. Inenso ndinkatero poyamba, ndisaname.

Tsono kwathuko ndikudziwa chimene dalaivala adzakuyankheni. Adzati, mayi, ndikazimitsa siilira, batire ndi yofooka, mukufuna anawa akankhe? Ndipo mwina sakunama. Ndiye nkhaniyo si ya dalaivala, ndi ya mwini basi. Batire ndi sitata ndi zinthu zoti akonze, mumalipira mwezi ndi mwezi inu. Wina adzati kuzimitsazimitsa kumatha mafuta. Bodza limenelo. Injini yongolira ikumwa dizilo osapita kulikonse, ndipo ndi mmene mafuta akuvutira kumeneko, mwini basi mukamuuza mbali imeneyo adzamva msanga kuposa mukamuuza za mapapo. Anthu amamvera m'thumba.

Musapite nokha. Mukapita nokha adzati mayi uja ndi wovuta, mwana wanu n'kumuyang'ana ndi diso lina. Lembani pa gulu la WhatsApp la makolo, mupeze anzanu atatu anayi, mukaonane ndi ahedi. Zopempha zake ndi zazing'ono: injini izizima pageti, basi iziima moti paipi isaloze kumene ana amafola kapena kumawindo a kalasi, ndipo mabasi akakhala angapo asamagundizane mphuno ndi kumbuyo, poti wakutsogolo amathira utsi mwa mnzake.

Chinanso, tsiku lina mudzakwere nawo basiyo, kapena alamu apite. Mukamva fungo la dizilo muli mkati, mawindo ali otseka, ndiye kuti penapake pakudontha. Mwina paipi inabooka pansi, mwina pansi pa basi pali mabowo a dzimbiri, mwina labala wa chitseko chakumbuyo anatha. Ma Hiace aja injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, chivindikiro chake chikapanda kutseka bwino fungo limakwera momwemo. Zimenezi wowotcherera ndi makaniko amakonza tsiku limodzi. Ikamafuka utsi wakuda bii ponyamuka, ma injector, aja othira dizilo mu injini, ndi sefa ya mpweya akufuna kuonedwa. Pakadali pano mwanayo asamakhale mpando wakumbuyo kwenikweni, kumeneko ndi kumene utsi umakonda kuunjikana, ndipo windo lizitsegulidwako pang'ono, kupatula pamene mwatsekeredwa kumbuyo kwa lole yofuka.

Komanso ndisakubisireni, poti ndinu achemwali anga. Mbaula ija mumaiyatsira pakhonde pafupi ndi windo la chipinda cha ana, ndinaiona ulendo wathawu. Musaimbe mlandu basi yokha. Isunthireni kutali, ndipo zinyalala zamapulasitiki zija musamawotche mwana ali pomwepo.

Ndalama ya kuchipatala ndikutumizirani Lachisanu ndikalandira. Mundiuze zimene adokotala anene. Ndasiya kaye apa, nthawi yokatenga ana yakwana, ndipo foni sitiloledwa kugwira tikuyendetsa. Mupereke moni kwa alamu ndi amayi.