Tifunseni: Statistics m'kalasi ya psychology

Makalata a mwezi uno achokera kwa aphunzitsi ndi ophunzira psychology m'mayunivesite. Akuyankha ndi anzathu amene amaphunzitsa statistics ndi njira zochitira kafukufuku.

Funso: Akonzi, ndapatsidwa ophunzira psychology 60 a chaka choyamba kuti ndiwaphunzitse statistics. Ambiri amanena poyera kuti anasankha psychology pothawa masamu, ndipo buku lathu limayamba ndi mafomula okhaokha. Kodi ndiyambire pati? Mphunzitsi watsopano

Yankho: Aphunzitsi, bukulo lisiyeni kaye sabata yoyamba. Ophunzirawo ayambe ndi kutulutsa manambala awoawo, pa funso limene ndi la psychology ndithu. Ntchito imene imatheka m'phunziro limodzi ndi yochokera pa kafukufuku amene John Ridley Stroop anasindikiza mu 1935.

Konzani mapepala awiri, lililonse likhale ndi mayina a mitundu 30. Pa pepala loyamba dzina ligwirizane ndi inki yake: liwu loti "chofiira" lilembedwe ndi inki yofiira. Pa lachiwiri zisemphane: "chofiira" lilembedwe ndi inki ya buluu. Ophunzira akhale awiriawiri, wina azitchula mtundu wa inki kuyambira pamwamba mpaka pansi, mnzake akuyesa nthawi pa foni, kenako asinthane. Pafupifupi aliyense amachedwa pa pepala lachiwiri, chifukwa munthu wozolowera kuwerenga amawerenga liwulo asanafune n'komwe, ndiye limalimbana ndi dzina la inkiyo pakamwa.

Theka la kalasi liyambe ndi pepala loyamba, theka linalo ndi lachiwiri. Onse akayamba ndi limodzimodzi, simungadziwe ngati kusiyana kwa nthawi kwabwera ndi inki kapena ndi kuzolowera. Mawuwo akhale m'chilankhulo chimene onse amawerenga mosadodoma. Musaike zofiira ndi zobiriwira pamodzi, poti ena, makamaka amuna, sazisiyanitsa bwino. Nenaninso momveka kuti nthawi ilembedwe m'masekondi okha. Kawirikawiri pamapezeka wolemba 1.05 potanthauza mphindi imodzi ndi masekondi 5, m'malo molemba 65. Ikapezeka yotere musaikonze mobisa. Ifunseni kalasi ngati munthu angathe kutchula mitundu 30 m'sekondi imodzi, chifukwa funso limenelo ndiye chiyambi cha kusanthula deta.

Manambala onse alowe m'tebulo limodzi, munthu mmodzi mzere umodzi. Aliyense apite pa bolodi akaike kadontho pa nthawi yake musanawerengere chilichonse. Kenako pezani avereji ndi median, nambala imene imakhala pakatikati manambala akandandalikidwa. Amene anaphulika ndi phwete n'kutha masekondi 140 adzakokera avereji m'mwamba, koma median sidzasuntha kwenikweni, ndipo adzaziona ndi maso. Deta imeneyi muisunge semesita yonse. Mukafika pa t-test, mayeso oyerekezera ma avereji awiri, muigwiritsenso ntchito, pokumbukira kuti munthu aliyense anayesedwa kawiri, ndiye yoyenera ndi paired t-test. Ambiri amalakwitsa potenga mapepala awiriwo ngati magulu awiri a anthu osiyana.

Funso: Powerengera standard deviation timauzidwa kugawa ndi n − 1, osati n. Nditafunsa chifukwa chake anangoti ndi mmene zilili. Kodi palibe chifukwa chomveka? Wophunzira wa chaka chachiwiri

Yankho: Chilipo, ndipo mutha kuchiyesa pa pepala. Standard deviation imaonetsa mmene manambala amwazikira kuchoka pa avereji, ndipo n ndi kuchuluka kwa manambalawo. Tiyambe ndi kawerengedwe kake. Tengani 2, 4, 4, 5, 10. Kuphatikiza ndi 25, avereji ndi 5. Chotsani 5 pa iliyonse, mupeza −3, −1, −1, 0, 5. Iliyonse ichulukitseni ndi iyo yokha: 9, 1, 1, 0, 25, zonse pamodzi 36. Mukagawa ndi 4, ndiye n − 1, mupeza 9, imene imatchedwa variance, ndipo standard deviation ndi square root yake, 3. Mukagawa ndi 5 mupeza 7.2, yocheperako.

Vuto ndi loti avereji ya 5 ija yachokera m'manambala omwewo. Manambala a sampulo, ochepa amene mwatola m'gulu lonse, amakhala pafupi ndi avereji yawoyawo kuposa mmene alili ndi avereji yeniyeni ya gulu lonse, choncho kugawa ndi n kumachepetsa kamwazikidwe kake. Yesani chonchi. Tinene kuti gulu lonse ndi manambala atatu okha, 1, 2, 3. Avereji ndi 2, variance yeniyeni ndi 2/3. Lembani masampulo onse a manambala awiri amene angatuluke ngati mukutola n'kubwezera: 1 ndi 1, 1 ndi 2, mpaka 3 ndi 3, alipo 9. Werengerani variance ya iliyonse. Mukagawa ndi n, avereji ya ma variance onsewo ndi 1/3, theka chabe la yeniyeni. Mukagawa ndi n − 1, ituluka 2/3 ndendende. Pa anthu 5 kusiyanaku n'kwakukulu, pa anthu 500 sikuoneka n'komwe.

Funso: Ophunzira anga amalemba kuti p ya 0.03 ikutanthauza kuti pali mwayi wa 97 peresenti kuti ganizo lawo ndi loona. Ndafotokoza kangapo koma sizikulowa. Ndichite bwanji? Mphunzitsi wa njira za kafukufuku

Yankho: Apa mpamene timapempha aphunzitsi kuti asathamange, ngakhale zitatengera kudumpha mutu wina. P-value imayankha funso ili lokha: zikanakhala kuti palibe kusiyana kulikonse pakati pa magulu, kodi kusiyana kwakukulu chonchi kapena kuposa apa kukanatuluka kangati mwangozi? Sikunena mwayi woti ganizo la wofufuza ndi loona, sikunenanso kukula kwa zimene zapezeka. Bungwe la American Statistical Association linachita kutulutsa chikalata mu 2016 chochenjeza za zimenezi, ndiye ophunzira anu sali okha.

Tanthauzoli sililowa ndi kuloweza, limafuna manja. Tengani magulu awiri a anthu 10, mwachitsanzo amene anaphunzira mndandanda wa mawu m'chipinda chachete ndi amene anaphunzira muli phokoso. Lembani pa bolodi kusiyana kwa ma avereji awo. Kenako wophunzira aliyense alembe manambala onse 20 pa timapepala, atisakanize, atigawe milu iwiri ya 10 osayang'ana, n'kupeza kusiyana kwa ma avereji. Achite kasanu. Ngati kalasi ili ndi anthu 60, mukhala ndi manambala 300 amene atuluka mwangozi basi, chifukwa kusakanizako kwafufuta za chete ndi phokoso. Aikeni pa bolodi monga madontho, n'kuwerenga kuti ndi angati amene afika kapena kupitirira kusiyana koyamba kuja, mbali zonse ziwiri. Akakhala 9 mwa 300, p ndi pafupifupi 0.03. Wophunzira amene wasakaniza yekha timapepalato amakumbukira kuti nambalayo inatuluka m'dziko longoyerekeza, mmene mulibe kusiyana.

Auzeninso kuti 0.05, imene p ikatsika pansi pake ofufuza amati apeza kusiyana, ndi malire ongogwirizana, amene anatchuka kudzera m'buku la Ronald Fisher la 1925. Ndipo awerengere okha ichi: munthu akayesa zinthu 20 zosadalirana pamene palibe chenicheni chopeza, mwayi woti chimodzi chitulutse p yochepera 0.05 ndi pafupifupi 64 peresenti. Ndi chifukwa chake timafuna kuti wophunzira alembe funso lake ndi mayeso amene adzagwiritse ntchito asanaone deta. Nkhaniyi psychology inaimva kuwawa: mu 2015 gulu la Open Science Collaboration linabwereza kafukufuku 100, ndipo mwa 97 amene poyamba anapeza p yotsika, pafupifupi 36 peresenti okha ndi amene anaipezanso.

Musalandire lipoti lokhala ndi p yokha. Likhale ndi ma avereji, standard deviation, confidence interval (malire oonetsa pamene kusiyana kwenikweni kungakhale) ndi kukula kwa kusiyanako, monga Cohen's d. Jacob Cohen anati 0.2 ndi kochepa, 0.5 kwapakati, 0.8 kwakukulu. Kuti mukhale ndi mwayi wa 80 peresenti wopeza d ya 0.5 pa malire a 0.05, mumafunika anthu 64 m'gulu lililonse. Wophunzira amene wayesa anthu 12 n'kupeza p ya 0.20 asalembe kuti palibe kusiyana. Anthu ake anali ochepa kuti aone.

Funso: Yunivesite yathu ilibe laisensi ya SPSS, pulogalamu yowerengera statistics. Kodi tingagwiritse ntchito chiyani? Wothandizira m'labu ya makompyuta

Yankho: JASP ndi jamovi ndi zaulere, zimangofuna kudina, ndipo zimakwanira zonse za chaka choyamba. R ndi yaulerenso ndipo ndi yamphamvu kwambiri, koma kuphunzira kulemba khodi ndi statistics nthawi imodzi kumalemetsa ongoyamba, ndiye ife tingaiike chaka chachiwiri.

Pulogalamu iliyonse imawerengera chilichonse chimene mwaipatsa, choncho m'labu limbikirani za kuyendera deta. Asanadine mayeso alionse, aone nambala yaing'ono ndi yaikulu ya funso lililonse. Akaona 99 pa funso la mayankho 1 mpaka 5, ndiye kuti wina anaika 99 pamene munthu sanayankhe, ndipo pulogalamu siinauzidwe. Mafunso ofunsidwa mozondoka atembenuzidwe asanaphatikizidwe: pa sikelo ya 1 mpaka 5, yankho lichotsedwe pa 6. Ndipo galafu ijambulidwe nthawi zonse. Apatseni magulu anayi a deta amene Francis Anscombe anatulutsa mu 1973, lililonse la madontho 11. Onse ali ndi avereji ya x ya 9, ya y ya 7.5, ndi correlation (nambala yoonetsa mmene x ndi y zimayendera limodzi) ya 0.82. Awerengere manambalawo kaye, kenako ajambule: lina ndi mzere womwazika pang'ono, lina ndi lokhota, lina ndi mzere wowongoka umene kadontho kamodzi katalikira, ndipo lachinayi correlation yake yonse ikuchokera pa kadontho kamodzi kokha.