Chofiira cha pa pitsa ndi sosi kapena msuzi?

Mayi wina wa ku Zomba wafunsa kuti: "Ndimaphika pitsa kunyumba, ndipo amayi anzanga andipempha kuti ndiwalembere kaphikidwe kake m'Chichewa. Chofiira chija timapaka pa mkate ndilembe kuti tomato sosi kapena msuzi? Nanga ndi tomato, matimati kapena phwetekere?"

Mayi, lembani kuti msuzi. Kwathu kuno munthu akamva kuti tomato sosi amaganiza za uja wa m'botolo, wotsekemera, amene amatithirira pa chipisi pachiwaya. Mukalemba choncho, mnzanu wina adzathamangira kugolosale n'kukhuthulira botolo pa mkate. Pitsa yotero imangomveka shuga.

Wina anganene kuti msuzi ndi wamadzimadzi, wonyowetsera mbamu ya nsima. Ndi zoona, koma Chichewa sichinasowepo mawu onenera kulimba kwa chinthu. Mungowonjezera kuti "wolimba ngati phala". Chimene chimandiwawa n'chakuti ana a masiku ano chilichonse akuti supu, ngakhale msuzi wa chambo. Msuzi ndi mawu athu akale, ndipo anzathu a Chiswahili ali nawo m'bale wake, mchuzi.

Tsopano za chipatsocho. Dzina la tomato layenda mtunda wautali. Linachokera ku Mexico, komwe Aaziteki ankati tomatl. Asipanishi analitenga n'kumati tomate, Angerezi n'kumati tomato. Matimati ndi dzina lomwelo, kungoti lilime lathu linalisula n'kuliika m'gulu la mawu oyamba ndi ma-. Ndiye chifukwa timati matimati akupsa, koma tomato wakupsa. Pamenepa ambiri amasakaniza, ndiye musamale.

Ine mtima wanga uli pa phwetekere. Agogo anga sankanena dzina lina ayi. Ankatituma kuseri kwa khola kukathyola timaphwetekere ting'onoting'ono tomera tokha, towawasa, ndipo ukatifinya ndi zala tinkangoti phwete! njere n'kukuthovukira pamalaya. Palibe angandiuze kuti dzinali silinachokere pa kuphulika kumeneko. Komabe popeza ambiri akamva phwetekere amaganiza za tating'onoto, inu lembani matimati, pakuti pitsa imafuna akuluakulu a mnofu wambiri. Ku Naples, kwawo kwa pitsa ku Italy, amatama kwambiri matimati ataliatali a San Marzano.

Ndikanakhala inu ndikanalemba motere: "Viikani matimati asanu ndi limodzi akupsa kwambiri m'madzi owira, muwasende ndi kuwaphwanya. Kazingani adyo pang'ono m'mafuta, koma asapserere. Thirani matimati aja ndi kamchere, muphike pamoto wochepa mpaka madzi aphwere. Msuzi ukazirala, pakani mopyapyala pa mkate." Mawu akuti kuphwera musawasiye, chifukwa msuzi wosaphwera umanyowetsa mkate n'kuusiya wosapsa pakati. Adyo nayenso ndi mlendo wakale, wochokera ku alho wa Chipwitikizi, koma anakhazikika moti palibe amamuyesa wobwera.

Mwachita bwinonso polemba kuti pitsa. Ataliyana zz uja wa m'mawu awo akuti pizza amamutchula ngati ts wathu wa mu tsamba ndi tsabola. Amene akunena kuti piza akungowerenga zilembo ndi maso, chonsecho katchulidwe koyenera tili nako kale pakamwa.