Musanandipatse ndalama ya kadi, mverani kaye

Achimwene, mwafunsa kuti makadi a graphics, aja opanga zithunzi mu kompyuta, timawabweretsa bwanji kuchokera ku Joni, poti kavidiyo kanu ka pa pulogalamu ya 3D ija ya Blender, ka munthu ndi galimoto zikuzungulira, kakutuluka ndi timadontho ngati mchenga ndipo felemu imodzi, chithunzi chimodzi cha kavidiyoko, ikudya mphindi 20. Ndakaonera. Galimotoyo mwaiwumba bwino.

Ine basi ya pa Park Station ndaikwera mpaka makondakitala amandiitana ndi dzina. Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, kudzatsika pa Wenela mapazi atatupa. Anyamata ambiri a 3D mu Blantyre muno, a ku Chitawira, a ku Ndirande, ena ophunzira pa MUBAS, makompyuta awo ali ndi kadi yomwe ndinanyamula ine. Ndipo kadi siikwera mu ngolo ya kumbuyo ndi mabelo ayi. Imakhala pamiyendo ngati khanda, njira yonse.

Chomwe chinatsala pang'ono kundimaliza ndi cha kumapeto kwa 2022. Mu September chaka chimenecho ndalama ya pa intaneti ija ya Ethereum inasiya kukumbidwa, kapena kuti kupangidwa, ndi makadi, ndiye okumba aja anakhuthulira makadi awo pamsika. Bambo wina ku Johannesburg anandionetsa makadi a mtundu wa RTX 3070 ndi 3060 Ti okwana 12, m'mabokosi mwake, opukutidwa bwino, mtengo ngati theka. Mtima unandithamanga. Ndinaimba foni kuno, ndinatenga katapila, chikole puloti yanga ya ku Chileka. Anandiyatsira imodzi yokha, chithunzi chinabwera pa sikirini, ine n'kuwerenga ndalama.

Pa boda ina, bwana wina anakankhira malisiti anga pambali, n'kutulutsa foni yake, n'kuyamba kuwerengera msonkho pa mtengo wa kadi yatsopano ya m'sitolo. Ndinamuonetsa fumbi lomwe linatsalira mkati mwa mafani. Anati katundu atsale. Basi inandisiya ndikuiona. Masiku atatu ndinagona pakhonde, chikwama ngati pilo, iye akudutsa m'mawa uliwonse n'kumandifunsa ngati ndaganiza bwino. Chimene ankafuna ndinkachidziwa, ndipo sindinamupatse. Msonkho ine sindiukana, ndaulipira zaka zonsezi, koma munthu amene sanagwirepo kadi m'manja mwake asamandiuze kuti yakale ndi yatsopano. Ndinalipira wa zatsopano, n'kuwonjezanso ya malo osungira katundu. Nkhope yake ndimaikumbukabe.

Kufika kuno, pa makadi 12 aja, 7 ankayaka bwinobwino, koma ukawapatsa Cycles, gawo la Blender lotulutsa zithunzi, kwa ola limodzi, mizere yobiriwira pa sikirini, kenako kompyuta thii. Anali atatentha usana ndi usiku miyezi yambirimbiri. Anyamata anabwera nawo mmodzimmodzi pakhomo, ndipo aliyense ndinamubwezera ndalama yake yonse, chifukwa dzina ndi lomwe ndimadyera. Puloti inapita. Ndikuti ndiyambe kupuma, mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, randi n'kukwera. Chaka chimenecho anatidyetsa ndi mayi a kunyumba ndi geni yawo ya kaunjika ku Limbe.

Ndiye masiku ano kadi yakale sindiilipira ndisanaione ikugwira ntchito ola lathunthu pamaso panga, ndi fayilo yomwe ndimayenda nayo pa flash. Wogulitsa akakana, ndimatuluka. Inunso musatengeke ndi dzina lalitali. RTX 3060 wamba ija ili ndi memory ya 12GB, pomwe 3060 Ti ili ndi 8GB, ndipo galimoto ya ma texture (zithunzi zokutira pamwamba pake) olemera ngati yanuyo imafuna malo mu memory. Onaninso power supply yanu, bokosi lopereka magetsi mu kompyuta, ambiri amaiwala, kenako amandiimbira usiku kuti ndawagulitsa chakufa.

Koma ndinene zoona, theka la vuto lanu si kadi. Zaka zimenezi ndakhala kumbuyo kwa anyamata akuyesa katundu wanga, ndaphunzirako. Masekondi 10 pa mafelemu 24 ndi mafelemu 240, pa mphindi 20 iliyonse ndi maola 80. Mu Blender tsitsani ma samples, maulendo omwe kompyuta imawerengera kuwala pa kadontho kalikonse, yatsani denoise, yomwe imasalaza timadontho, mchenga uja uchoka. Mukadzapeza RTX musankhe OptiX mu Blender, njira yofulumizitsa ntchito pa makadi amenewo. Penti ya galimoto yanu ikuoneka ngati pulasitiki chifukwa ilibe choti iwalitse, ikani HDRI, chithunzi cha malo ozungulira chomwe chimapereka kuwala, ndi nyale yaikulu pamwamba. Munthu wanuyo akuyandama, alibe mthunzi kumapazi. Kuzungulirako kukuyamba pang'onopang'ono n'kuthamanga n'kufookanso, ikani pa linear, liwiro limodzimodzi, kuti kavidiyo kakabwereza pasaoneke msoko. Ndipo musamatulutse vidiyo mwachindunji. Tulutsani zithunzi za PNG, felemu iliyonse payokha, magetsi akathima pa 180 mudzayambira pa 181. Mnyamata wina wa ku Bangwe anataya ntchito ya masiku atatu chifukwa cha zimenezi, ndinamuona akulira.

Za mapepala a pa boda musavutike nazo, n'zanga zimenezo. Ndinyamuka Lachiwiri. Konzani kaye zomwe ndanenazi, ngati ikuchedwabe bwerani ndi fayilo yanu pa flash Loweruka m'mawa pa Ginnery Corner, tiiyese pa 3060 yomwe yanditsalira, muone nokha mphindi zake.