Pa nkhani yolemba 20 osawerenga kapumidwe ka wodwala

Mng'ono wanga, mwafunsa kuti popeza pa wodi ya amuna imene mukuphunzirirapo ntchito odwala ndi ochuluka, ndipo ena amangolemba 20 pa malo a kapumidwe osawerenga, kodi pali cholakwika inunso mutamatero, bola BP, kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima mwayeza bwino. Cholakwika chilipo, ndipo ndikupemphani kuti chizolowezi chimenechi musachitengere ngakhale mutachiona kwa akuluakulu anu pa ntchito.

Mwa zonse zimene timayeza, kapumidwe ndi kamene kawirikawiri kamayamba kusintha matenda akamakula. Thupi la munthu wamkulu, makamaka amene akadali ndi mphamvu, limatha kusunga BP pamalo pake kwa maola angapo ngakhale akutaya magazi kapena tizilombo tafalikira m'magazi, chifukwa mitsempha imafinyika ndipo mtima umathamanga pofuna kukwirira vutolo. BP ikamadzatsika, nthawi zambiri timakhala titachedwa kale. Kupuma kumasintha msanga, pakuti okosijeni akachepa kapena asidi akachuluka m'magazi, ubongo umalamula munthu kupuma mofulumira nthawi yomweyo. Munthu wamkulu amene akupumula amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi. Muyeso wa qSOFA, umene unatuluka mu 2016 pofuna kuzindikira odwala amene matenda a tizilombo awafika poopsa, umayang'ana zinthu zitatu: kupuma maulendo 22 kapena kuposerapo, BP yam'mwamba ya 100 kapena yocheperapo, ndi kusokonezeka kwa maganizo. Nawo muyeso wa NEWS2, umene bungwe la madotolo la Royal College of Physicians ku London linatulutsa mu 2017, umati wopuma maulendo 25 kapena kuposerapo, kapenanso 8 kutsika m'munsi, aonedwe mwachangu. Ndiye 20 wongopeka akhoza kuphimba 28 weniweni, ndipo dotolo wowerenga faelo m'mawa adzakhulupirira zimene mwalembazo.

Powerenga, wodwala musamuuze, chifukwa munthu akadziwa kuti mukuyang'ana kapumidwe kake amakasintha. Mukamaliza kumva kugunda kwa mtima pamkono, zala zanu zikhalebe pomwepo, maso akhale pachifuwa, ndipo muwerenge kwa mphindi yathunthu, kukwera ndi kutsika kwa chifuwa kukhale ulendo umodzi. Kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi ine sindikuvomereza, chifukwa mukaphonya kamodzi mwaphonya kanayi.

Mphindi imeneyo ndi imenenso imakuonetsani wodwala yense. Muwapatse moni, "Mwadzuka bwanji bambo?", ndipo mumvetsere ngati akutha kumaliza yankho ndi mpweya umodzi kapena akulidula pakati. Muone ngati minofu ya m'khosi ikukoka, mphuno zikutukuka, kapena akukana kugona chagada n'kumangofuna kutsamira khoma. Wodwala shuga amene akupuma mozama ndi mofulumira, kapumidwe kamene dotolo wa ku Germany Adolf Kussmaul anakafotokoza mu 1874, muyezeni shuga ndi mkodzo pompopompo. Amene walandira mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine kapena pethidine, n'kuyamba kupuma mwapatalipatali ndi kuvuta kudzutsa, musamuyese kuti ali m'tulo tabwino. Kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni n'kothandiza, koma musakadalire kokha: zala zikazizira kapena zikhadabo zikakhala zopaka utoto kamalakwitsa, pa khungu lakuda ngati lathuli nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndiponso munthu akhoza kuonetsa 97 chifukwa choti akuvutikira mpweyawo maulendo 30 pa mphindi. N'chifukwa chake timayang'ananso mtundu wa lilime ndi wa m'kati mwa milomo.

Usiku wina ndinalandira bambo amene anagonekedwa ndi malungo, faelo yawo ikuonetsa 20 m'mawa, 20 masana, 20 madzulo. Mkazi wawo, atakhala pa chitenje pansi pafupi ndi bedi, anandiuza kuti kuyambira masana bambowo sakumaliza mawu ndipo phala angolilawa. Nditawerenga ndinapeza 32, BP ili bwinobwino. Dotolo atabwera anapeza chibayo, ndipo usiku womwewo tinawaika pa okosijeni ndi kuyamba mankhwala ake. Mpaka lero ndimaganiza za maola amene tinataya, pamene mayi uja anali ataona kale zonse koma palibe anamufunsa.

Magadiyani ndi amene amakhala ndi wodwala usana ndi usiku, choncho aphunzitseni. Auzeni kuti akaona wodwala akupuma mwabefu, akubwebweta kapena akuvuta kudzutsa, kapenanso watha theka la tsiku osataya madzi, akuitaneni ngakhale pakati pa usiku. Musamalize ndi kufunsa kuti "Mwamva?", chifukwa anthu athu mwaulemu amayankha kuti eya ngakhale asanamvetse. Funsani kuti, "Mayi, tandiuzeni, mukaona chiyani mudzandiitana?", ndipo mukonze pamene asokoneza.

Za kuchepa kwa nthawi ndikuzidziwa, sindikuzichepetsa. Odwala 30 amafuna theka la ola la kapumidwe kokha. Yambani ndi ochokera ku fiyeta, amene ali pa okosijeni, ongogonekedwa kumene ndi olandira mankhwala amphamvu opha ululu. Amene simunamuwerenge, siyani malowo osalemba ndipo munene poyera posiyirana ntchito, kuti wolowa ayambire pa iyeyo. Mukapeza nambala yokwera, musangoilemba n'kudutsa. Pitani kwa namwino woyang'anira wodi mukanene bedi lake, nambala ya tsopano, nambala ya m'mawa ndi zimene mwaona ndi maso, kenako mubwerere kwa wodwalayo, mumukhazike tsonga, n'kuwerenganso pakatha mphindi 15.