Kwa achimwene a ku Kapiri ofuna chigayo choyendera madzi

Achimwene, mwafunsa ngati kamtsinje kodutsa kumunsi kwa dimba lanu ku Mchinjiko kangayendetse chigayo ndi kuyatsa magetsi m'nyumba, poti dizilo wakwera mtengo. Ndikuyankheni ngati munthu amene anatayapo ndalama pa zomwezi kuno ku Kasungu.

Ambiri m'gulu muno akufunsani kuti madziwo ndi ochuluka bwanji. Ine funso langa ndi lina: akugwa kuchokera patali bwanji? Madzi ongoyenda pang'onopang'ono m'dambo, angachuluke chotani, mphamvu yake ndi yochepa. Onani pamene pali makina a EGENCO, kampani yopanga magetsi ija. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire, pakati pa Matope ndi Chikwawa, pomwe mtsinjewo umatsika mamita opitirira 300 m'mathithi otsatizana. Ku Liwonde madzi ndi omwewo, koma anangomangako Kamuzu Barrage yowongolera kayendedwe kake, chifukwa malowo ndi athyathyathya. Wovwe ku Karonga ndi mtsinje waung'ono poyerekeza ndi Shire, koma umatulutsa mamegawati opitirira 4 chifukwa umagwa kuchokera ku mapiri a Nyika. Tsono kwathu kuno, Kasungu ndi Mchinji yemwe, ndi chigwa cha fodya ndi mtedza. Bua ndi Rusa amayenda ngati nkhalamba yopita ku maliro.

Yezani nokha, sizifuna injiniya. Tsekani kamtsinjeko ndi masaka a mchenga kuti madzi onse adutse pa lata limodzi lopinda, mutchere ndowa ya malita 20, mwana agwire foni awerenge masekondi. Kenako bwerekani kapaipi kooneka mkati kamene amisiri omanga nyumba amayezera levulo, muone kuti kuchokera pomwe mungapatutse madzi kufika pomwe mungaike makina patsika mamita angati. Masamu ake ndi awa: malita a pa sekondi, kuchulukitsa ndi mamita, kuchulukitsanso ndi 5. Yankho ndi mawati amene mungayembekezere mukachotsa mphamvu yotayika m'mapaipi, pa lamba ndi m'jenereta.

Tinene kuti ndowa yadzaza m'masekondi awiri ndipo patsika mamita atatu. Ndiye 10 kuchulukitsa ndi 3, kuchulukitsa ndi 5, mawati 150. Musawanyoze. Amabwera usana ndi usiku, pomwe sola imagona dzuwa likalowa. Mababu a LED, wailesi, kutchaja mafoni a mudzi wonse, zonsezi zitheka bwinobwino. Koma chigayo chogaya mgaiwa chimafuna mawati cha m'ma 10,000. Pa mamita atatu omwewo mufunika ndowa zoposa 30 pa sekondi iliyonse. Kamtsinje ka kudimba kangapereke zimenezo? Ine ndakayika.

Ndipo muyeze mu Okutobala, osati pano madzi akusefukira. Apa ndi pomwe ndinagwera ine. Ndinayeza mu Febuluwale, ndinapita kwa wowotcherera pa boma, anandipangira gudumu la rimu ya njinga yamoto lokhala ndi zikapu zachitsulo, tinalumikiza ndi olteneta ya galimoto. Tsiku loyamba babu litayaka pakhonde, mayi a kunyumba analulutira mpaka oyandikana nafe anabwera kudzaona. Pofika Ogasiti gudumu linkazungulira mwaulesi, olteneta osatchaja n'komwe, paja imafuna liwiro lalikulu. Mu Seputembala mbuzi zinkagona pansi pake. Mvula yoyamba itagwa, madzi anabwera ndi mchenga, mapesi ndi chitsa cha mtengo, gudumu tinakalitola m'bango patali. Ndinadzitonthoza mu Januwale 2022 pomwe namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, kuti kani ndi akuluakulu omwe madzi amawachita chipongwe. Iwonso amalimbana ndi matope ndi namasupuni chaka ndi chaka, onse ochokera kumtunda komwe tinadula mitengo.

Sindikuti n'zosatheka m'Malawi muno. Ku Bondo ku Mulanje anthu akuyatsa magetsi a mtsinje wa Lichenya, ndipo a Colrerd Nkosi ku Mzimba anawalitsa mudzi wawo ndi makina opanga okha. Koma konseko kuli zitunda ndi madzi osaphwa. Mukanakhala m'tsinde mwa mapiri a Mchinji ndikanalankhula zina.

Ngati mupeza kuti patsika mita imodzi kapena iwiri ndipo madzi saphwa chilimwe, ganizirani pampu ija amati ram pump. Siifuna dizilo kapena magetsi, madzi omwewo ndiwo amaikankha, imangoti gu, gu, tsiku lonse, n'kumakweza gawo lochepa la madziwo kupita pa thanki kumtunda. Tomato ndi anyezi wa chilimwe angakugulireni dizilo wa chigayocho. Kungoti musanatseke mtsinje, kambiranani ndi amfumu komanso eni madimba a kumunsi, apo ayi mlandu wake udzaposa mtengo wa makina. Kupatutsa madzi ambiri kumafunanso chilolezo cha boma.

Mukayeza mu Okutobalamo, mudzalembe muno masekondi ndi mamita, tidzawerengere limodzi. Olteneta ija ikadalipo m'nkhokwe, ngati mbewa sizinamalize mawaya ake.